Jakisoni Wanga Anapita ku Hyson Green

Mphumu inandilanda zinthu zingapo, koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi mathero a nkhani zanga. Kuyamba ndinkayamba bwinobwino. Anthu ankatchera khutu, wina n'kuika kapu pansi, ine n'kufika pakati pamene nkhani ikuti izikoma, mpweya n'kutha. Ndinkangotsala kukamwa yasa, m'chifuwa mukulira tiana ta mphaka. Apo mayi a kunyumba ankaitola nkhaniyo n'kuimaliza okha. Tsono mayiwa ndi nesi wopuma pa ntchito, ndiye nkhani amaimaliza monga momwe zinachitikiradi. Nkhani yanga ya ng'ona imene inandithamangitsa ku Liwonde inakhala zaka zambiri ikutha ndi mawu awiri akuti, "Inali ng'azi."

Ku Leicester kuno ndinabwera pambuyo pa mayiwa. Iwo anaitanidwa ndi chipatala. Ine palibe amene anandiitana, ndinangobwera ngati katundu wa m'manja. Kumudzi ndinali mesinjala pa ofesi ina ya boma ku Zomba, wa njinga yakapalasa ndi kabudula wa khaki. Sukulu ndinalekera pamene aphunzitsi anayamba kuika zilembo m'masamu, chifukwa ndinaona kuti nawonso asokonezeka. Kuno ndinagwira m'fakitale ya masangweji, m'chipinda chozizira ngati cha maliro, mpaka chifuwa chinandiuza kuti ndipume.

Mphumu yanga sinali ija yopopera inhela kawiri n'kupitiriza ulendo. Mainhela ndinali nawo, yabulauni ya tsiku ndi tsiku ndi yabuluu ya pangozi, ndipo mayi ankaonetsetsa kuti ndikupopa monga mwa lamulo, ataimirira pamaso panga manja ali m'chiuno. Komabe nyengo yozizira iliyonse chifuwa chinkatseka. Oyendetsa ambulansi anafika poidziwa nyumba yathu osayang'ana nambala. Ndikagonekedwa ankandipatsa timapiritsi toyera ta masiteroyidi, ndipo pamapeto pake anangoti ndizimwa masiku onse.

Timapiritsi timeneti timatseguladi chifuwa, koma timalipiritsa kwina. Nkhope yanga inazungulira ngati mwezi. Shuga anakwera. Khungu linafewa moti ndikangogunda chitseko pankatsala chizindikiro ngati ndamenyedwa. Njala inkandigwira ndikuchokera pa tebulo. Kutchalitchi anthu ankandigwira tsaya n'kumati England yandiyanja, ine n'kumathokoza, poti kufotokoza kunkafuna mpweya umene ndinalibe.

Kenako dokotala wathu wa pafupi ananditumiza ku kiliniki ya anthu a mphumu yovuta. Nesi wa kumeneko anali mtsikana wamfupi, wobadwira konkuno, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuuza mwana njira ya kusitolo. Choyamba anafuna kuona mmene ndimapopera inhela, munthu wamkulu ine, wazidzukulu. Ndinapopa. Anatenga magazi. Anandipatsa kamakina koti ndiuzemo mpweya, pa galasi pake pali kamtambo koti kasagwe pansi komanso kasakwere kwambiri. Ndinakagwetsa kangapo kamtamboko. Mayi anali pambali akugwedeza mutu ngati ndikuwachititsa manyazi pa mpikisano.

Zotsatira zitabwera, nesi uja anatikhazika pansi n'kufotokoza. Anati mphumu si imodzi. Ena chifuwa chawo chimadana ndi fumbi kapena ubweya wa mphaka, ndipo amenewo ali ndi jakisoni wawo. Yanga inali ina. M'magazi muli asilikali oyera amitundumitundu, ndipo mtundu umodzi, wa dzina lalitali limene mayi okha amalitchula osaluma lilime, unachuluka kwambiri mwa ine. Asilikali amenewa amasonkhana m'timipaipi ta mpweya popanda mdani aliyense, makoma ake n'kutupa, makhololo n'kudzaza, njira n'kuchepa. Masiteroyidi amangokhalitsa chete aliyense m'thupi, wolakwa ndi wosalakwa yemwe, n'chifukwa chake mafupa ndi shuga zimalangidwa pa mlandu wa chifuwa. Koma asilikaliwo sabwera okha. Pali kanthu kakang'ono m'magazi kamene kamanyamula uthenga wowaitana. Jakisoni watsopanoyu, anatero nesi, sasamala za wina aliyense, amangosakasaka wonyamula uthengayo n'kumugwira. Uthenga ukapanda kufika, asilikali amayamba kuchepa.

Ndinamvetsa bwino kwambiri, ndipo sindinakondwere. Ndinamuuza nesiyo kuti ine ndagwira ntchito ya umesinjala theka la moyo wanga, ndipo zimenezi sizachilendo. Bwana amalemba kalata, kalata n'kukhala yoipa, galu amaluma wa pa njinga. Ndinafunsa ngati pali amene anayamba wafufuza yemwe amamutuma mesinjalayo. Nesi anati ofufuza akadali pa ntchito imeneyo. Mayi anandiponda phazi n'kunena m'Chichewa, "Bambo, khalani chete, sakunena inu."

Madokotala anakhala pa msonkhano wawo n'kuvomera kuti ndiyese jakisoniyo kwa chaka, kamodzi pa mwezi. Akaona kuti sakuthandiza adzasiya. Tsiku loyamba ndinapita nditavala kabudula wam'kati watsopano, ndipo nditangolowa ndinayamba kumasula lamba. Kwathu jakisoni ndi wa pathako, ndipo wabwino amadziwika ndi katsimphinidwe ka munthu pobwerera kunyumba. Nesi anati ndimange lamba. Anatulutsa chinthu chonga cholembera chonenepa, anachigunditsa pamkono, chinati khethe, basi kwatha. Ndinafunsa ngati mankhwala alowadi. Anandikhazika pa mpando kanthawi ndithu kuti aone ngati thupi likane, thupi silinazindikire n'komwe kuti labayidwa.

Potuluka ndinaika mainhela anga onse pa tebulo lake kuti apatse ena osauka, poti munthu akafika pa jakisoni ndiye kuti wafika pamapeto pa mankhwala onse. Anandibwezera m'thumba yekha. Anati jakisoniyu satsegula chifuwa chikatseka, ntchito yake ndi kuchepetsa masiku otseka. Yabulauni ndizipopabe tsiku lililonse, yabuluu isachoke m'thumba, ndipo timapiritsi tija atichepetsa pang'onopang'ono iwowo, ine ndisayerekeze kusiya ndekha.

Mwezi woyamba sindinaone kanthu. Wachiwiri ndinauza mayi kuti mesinjala wawagonjetsa madokotala, ndipo ndinanena monyadira pang'ono. Koma nyengo yozizira inafika, inakhala, n'kupita, ambulansi osaima pakhomo. Timapiritsi tinachepa, masaya n'kuyamba kubwerera kwawo. Lamlungu lina tikumwa tiyi titatuluka m'mapemphero, ndinayamba nkhani ya ku Liwonde ija. Ndinafika pakati, mayi anakoka mpweya kuti alandire, ine n'kungopitirira. Tsiku limenelo ng'ona inabwerera, ndipo inali itakula.

Ndi m'chaka chomwecho mmene mwana wa mlongo wanga anapeza mwamuna. Mtsikanayu anabwera kuno kudzaphunzira ku yunivesite, anamaliza, tsopano amagwira mu ofesi ya makompyuta. Bambo ake anamwalira, mayi ake ali kumudzi, ndiye wachibale wamwamuna amene ali naye m'dziko lino ndi ine ndekha. Pa chinkhoswe, woimira mwana wamkazi ndi malume wake. Amalandira anthu akuchimuna, amasinthana nawo nkhuku, kenako amaimirira n'kulankhula pamaso pa onse, kuti banja likadzagwedezeka adziwe khomo logogoda. Ntchito imeneyi ndinkaiyembekeza kuyambira tsiku limene mwanayu anabadwa.

Ndinazindikira mochedwa kuti iye ndi mayi a kunyumba anali atakambirana kale ndi mkulu wa mpingo wathu kuti adzalankhule m'malo mwanga. Mkulu ameneyu ndi munthu wabwino, wa mawu aakulu, koma si m'bale wathu, ndipo nthabwala zake amaziwerenga pa foni. Mtsikana anabwera kudzandinyengerera. Anati holo abukitsa kale, alendo akuchokera mpaka ku Derby, ndipo iye sakufuna amalume ake adzakomoke pa maikolofoni anthu akujambula. Ndinamuyankha ndi chiganizo chachitali kwambiri chimene ndinatha kupeza, chokhala ndi makolo athu onse mkati mwake, osapumira. Anayang'ana kwa mayi. Mayi anagamula motere: ndidzalankhula ndine, koma chifuwa chikangotseka kamodzi tsiku lisanafike, mkulu wa mpingo atenga malo, ndipo sipadzakhala apilo.

Pa nthawiyi n'kuti akiliniki atandiphunzitsa kudzibaya ndekha pantchafu. Jakisoni ankabwera pakhomo ndi galimoto, ali m'kabokosi kozizira, ndipo lamulo lake linali loti azikhala mu furiji mpaka tsiku lake. Apa ndi pamene panayambira vuto, chifukwa furiji ya Mmalawi si ya mwini nyumba. Mlendo akafuna mkaka amatsegula yekha. Mayi wina wa kutchalitchi anatsegula tsiku lina, anaona kabokosi, n'kubwera nako m'manja ku chipinda chochezera. Anati abambo kunyumba kwake akutsokomola sabata yonse, kodi sindingawagawireko ngakhale theka. Ndinafotokoza za asilikali ndi mesinjala, ndinati mankhwalawa amaperekedwa akaona magazi a munthu, kwa wa chimfine ndi madzi chabe. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Lamlungu lotsatira mpingo wonse unali utadziwa kuti ndine womana.

Kwathu munthu samana mnzake mankhwala. Mapiritsi a mutu, a malungo, a m'mimba, zonse zimayenda khomo ndi khomo ngati mchere. Ndiye ndinaganiza kuti chosaoneka sichipemphedwa. Ndinatenga kabokosi kaja, ndinakakulunga m'pepala la buledi, n'kukaika m'kontena ya ayisikilimu. Mu furiji yathu muli makontena a ayisikilimu ambiri, ndipo chibwerere kuno sindinaonemo ayisikilimu. Mumakhala ndiwo zotsala. Mayi anati ndilembe pachivundikiro. Ndinawafunsa kuti anayamba aona kuti munthu akubisa chinthu n'kulembapo dzina lake.

Kutatsala masiku ochepa kuti chinkhoswe chichitike, akuchimuna anabwera kwathu kudzamaliza zokambirana. Mnyamatayo ndi wa ku Zambia, ndipo nkhoswe yake inali malume wake, mdala wamtali wa ku Chipata amene amalondera m'sitolo ku Nottingham. Tinagwirizana msanga. Nkhani imene inatitengera nthawi ndi ya nkhuku. Mwambo umati iwo atipatse tambala, ife tiwapatse msoti, koma eni holo salola chamoyo chokhala ndi nthenga. Tinagwirizana kuti tigule nkhuku za m'sitolo zouma ndi chisanu, ndipo imene imangidwe riboni yofiira ndiyo tambala, zivute zitani.

Alendo akamanyamuka sapita chimanjamanja. Mayi anali pakhomo akutsanzikana ndi anthu, ndiye mtsikana wathu ndi amene analowa kukhitchini kukalongedza. Anatenga makontena mu furiji, iyi ya nyama, iyi ya mpunga, iyi yopepuka anasuzumiramo n'kuona pepala la buledi, anati ndi mandasi. Zonse m'jumbo, jumbo m'manja mwa ankhoswe. Ine ndemwe ndinawanyamulira jumboyo mpaka pokwerera basi yopita ku siteshoni ya sitima, n'kuwauza kuti akadye bwino.

Tsiku la jakisoni linafika mkati mwa sabata yomweyo ya chinkhoswe. M'mawa ndinasamba m'manja, ndinakonza ntchafu, n'kutsegula kontena. Nyemba. Ndinatsegula ina. Mutu wa nsomba unandiyang'ana. Ndinatsegula onse n'kuwandandalika pa tebulo, ndipo mayi atalowa anangowayang'ana kamodzi n'kudziwa zonse. Sananene kuti anandiuza. Anangotenga cholembera chachikulu chimene ndinakana kulembera pachivundikiro, n'kuchiika pafupi ndi kapu yanga.

Anati ndiimbe foni. Ndinakana. Nkhoswe ya kuchikazi ingaimbire bwanji nkhoswe ya kuchimuna, ukwati usanamangidwe, n'kunena kuti pa zakudya zimene tinakupatsani zija tibwezereniko kontena imodzi? Mawu otere amakhala m'banja mpaka zidzukulu. Mayi anati ngati foni ndi yamwano ndiye ndipite ndi miyendo, koma ndivale sikafu.

Ndinakwera sitima ya ku Nottingham, kenako tiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, mpaka ku Hyson Green. Mdala uja amakhala m'kachipinda kapamwamba pa sitolo yogulitsa zilazi ndi tsitsi loikirira. Atanditsegulira sanadabwe, ndipo zimenezi zinandidabwitsa. Tinapatsana moni wa ife eni, wa akunyumba, wa akumudzi mbali zonse ziwiri za malire. Anaphika tiyi. Tinakamba za mvula, za holo, za achinyamata a masiku ano amene amafuna keke pa chinkhoswe. Tiyi anatha, anaphika wina. Ine maso anali pa kafuriji kake pakona, iye maso anali pa nsapato zanga.

Pamapeto pake ndinatsokomola mwaulemu n'kufunsa ngati zonse zimene anapeza m'makontena muja zinali zodyeka.

"Zambili zinali zodyeka, ba mudala," anatero m'Chinyanja chake cha ku Zambia.

Kenako zonse zinatuluka. Tsiku lija njala inamugwira m'sitima, sitima isanafike n'komwe ku Loughborough, ndipo anatsegula kontena yopepukayo kuti adye ndasi limodzi. Anapeza jakisoni. Anadziwa pomwepo kuti ndi wanga ndipo walowa m'jumbo molakwika. Koma kuimba foni nthawi yomweyo kukanaulula kuti nkhoswe yathunthu yatsegula phukusi la apongozi panjira ngati mwana wa sukulu. Atafika kunyumba anaganiza zobweretsa, koma kontena ya eni siibwezedwa yopanda kanthu, ndipo mtedza umene ankayembekeza kuchokera kwawo unali usanafike. Ndiye anaganiza zodikira mpaka pa chinkhoswe. Pa kabokosi anaona kuti n'zofunika kuzizira, ndipo poti anali mankhwala a munthu wolemekezeka, sanafune kuwaika pamalo wamba pamodzi ndi mkaka.

"Ninaisunga bwino maningi," anatero, akutsegula kachitseko kapamwamba ka firiza.

Jakisoni wanga anali mmenemo, atagona pambali pa tambala wa riboni yofiira, onse awiri atachita chipale choyera. Jakisoniyo ndinamugogoda pa tebulo, analira ngati mwala. Ndinathokoza mdalayo chifukwa cha chisamaliro chake, iye anathokoza chifukwa cha nyama ndi mpunga. Kontena anakana kundipatsa, anati ibwera m'njira yake.

Pobwerera ndinamuika jakisoniyo m'thumba lam'kati la jekete kuti asungunuke ndi kutentha kwa thupi. Nkhuku timasungunula n'kudya, sindinaone chifukwa choti mankhwala adzikweze. Ndinafika kunyumba atafewa bwino, madzi ake oyera mbee ngati sanapite kulikonse. Mayi anandilanda m'manja ndisanakhale pansi, n'kuimbira nesi wa kukiliniki, foni ili pa sipika kuti ndimve ndekha.

Nesi anafunsa kawiri kuti jakisoni anapita bwanji ku Nottingham, kenako anati zisiyeni. Anati ameneyo ndisabaye. Mankhwala amtunduwu sali ngati mapiritsi, timene timagwira mesinjala tija ndi tinthu tosakhwima, tikauma ndi chisanu timapindika manja, ndipo ngakhale madzi aoneke bwino palibe angadziwe ngati tikugwirabe. Wina atumiza, koma galimoto ya kuno imabwera sabata yamawa. Chinkhoswe chinali Loweruka. Ndinamuuza zimenezo, ndinamuuzanso za mkulu wa mpingo. Anati mankhwala a miyezi yapitayi sanathe m'magazi, ndipo asilikali aja sasonkhananso tsiku limodzi, ndiye kuchedwa kwa masiku ochepa nthawi zambiri sikugwetsa munthu. Koma kulonjeza anakana. Ndizipopa yabulauni osaphonya, yabuluu ikhale pafupi, chifuwa chikayamba kulemera ndiimbe msanga.

Mayi atadula foni anaimbanso ina. Ndinamva ali kukhitchini akuuza mkulu wa mpingo kuti akhale wokonzeka basi, palibe chachitika. Tsiku lotsatira ndinamva kuti suti yake yapita kochapitsa.

Masiku otsalawo ndinakhala ndikumvetsera chifuwa changa ngati munthu womvetsera mbava padenga. Ndikafuna kutsokomola ndinkapita kubafa n'kutsegula mpopi. M'maganizo ndinkamuona mesinjala uja atamasulidwa, akupopa matayala a njinga, akufunsa njira. Ndimawadziwa anthu amenewa. Ukawatsekera nthawi yaitali, tsiku lotuluka amafuna kupereka makalata onse otsalira.

Holo inali konkuno ku Leicester, cha ku Belgrave, ya amwenye, ndipo dzulo lake munali ukwati wawo. Fungo la lubani linali likadali m'makatani. Pamwamba pa lubani panabwera mafuta onunkhira a amayi a mpingo wonse, aliyense botolo lake. Ndinabwerera panja, ndinapopa yabuluu monga ananenera nesi, n'kudikira pang'ono pakati pa magalimoto. Nditalowanso ndinapeza mkulu wa mpingo atakhala mzere woyamba, suti ikuwala, kapepala kali m'manja. Anandifunsa mwachikondi chachikulu kuti ndadzuka bwanji. Ndinati ndadzuka bwino kuposa mmene iye amafunira, anaseka poganiza kuti ndi nthabwala.

Mwambo unayenda. Anabweretsa atsikana ofunda zitenje kumutu kuti akuchimuna asankhe wawo, analakwitsa dala kawiri monga mwa nthawi zonse, kachitatu n'kumupeza. Ine ndi mdala wa ku Chipata tinaima pakati n'kusinthana nkhuku. Tambala uja ndinamuzindikira, tinaonana kale. Anali atayamba kudontha. Kenako woyendetsa mwambo anandipatsa maikolofoni, mayi n'kudzaima pambali panga, pafupi kwambiri, pamalo pamene akhala akuima zaka zonsezi.

Ndinayamba ndi kulonjera. Ndinatchula kumene mwanayu achokera, amayi ake, agogo ake, mudzi ndi phiri lake. Mpweya unalipo. Ndinafika pa mawu enieni, oti mwana wathu tikumupereka, ndipo pomwepo kukhosi kunayabwa. Ndinatsokomola kamodzi, kawiri, kachitatu kotalika. Mkulu wa mpingo anadzuka theka, akumanga batani la jekete. Mtsikana wathu anagwira dzanja la mwamuna wake. Ndinamva mayi akukoka mpweya pambali panga kuti amalize.

Ndinakweza dzanja. Ndinamvetsera m'katimo ngati muli tiana ta mphaka. Munalibe. Linali lubani chabe, lakhudza pakhosi n'kudutsa. Ndinamwa madzi pang'onopang'ono, ndikuyang'ana mkulu wa mpingo mpaka anamasula batani lake n'kukhala pansi.

"Mwana wathu tikukupatsani," ndinatero, "koma sitinalembe pachivundikiro zonse zimene zili mkati. Tsiku lina mudzapeza chinthu chimene simukuchimvetsa. Musadzachite manyazi, musadzachiike mu firiza n'kukhala chete. Mudzandiimbire foni tsiku lomwelo. Khomo lake ndi ine, malume wake, ndipo ndilipo."

Anthu anaomba m'manja poganiza kuti ndi nzeru zakale. Mdala wa ku Chipata anavomera ndi mutu, maso ali pansi. Mtsikana wathu ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, utoto wa m'maso ukutsika.

Apa mpamene ndikanakhala pansi. Koma mpweya unali ukadalipo wambiri, ndipo kuusiya kukanakhala kuwononga mankhwala a boma. Ndinalangiza mnyamata za kuleza mtima, ndipo pofuna chitsanzo ndinakumbuka za ku Liwonde. Akuchimuna anali asanaimvepo nkhani imeneyi. Ng'ona itafika pothyola bwato ndi mchira, ndinamva chinthu chikukoka jekete langa kumbuyo. Anali mayi. Pa zaka zonse za mphumu anali asanandikokepo jekete, panalibe chifukwa. Ndinamaliza ndekha, ng'ona n'kubwerera m'madzi ili ng'ona, kenako ndinapereka maikolofoni. Mpunga unali utazizira.

Potuluka, mdala uja anandipatsa jumbo mwakachetechete. Munali kontena yanga, yodzaza mtedza wa ku Chipata. Jakisoni watsopano anabwera sabata yotsatira, ndipo amakhala pa chitseko cha furiji m'kabokosi kake, poyera. Amene akufuna kunditcha womana anditche, ndili ndi mpweya womuyankha.

Chaka chitakwana tinapita kukiliniki kuti akaweruze ngati ndipitirize. Nesi anayang'ana magazi, anafunsa za ambulansi, za timapiritsi, ndinauziranso kamtambo kaja, kanayandama bwinobwino. Anati mankhwala akugwira ntchito, ndipitiriza. Kenako anatembenukira kwa mayi n'kufunsa ngati iwo, monga munthu amene amakhala nane, ali ndi funso lililonse.

Mayi anaganiza pang'ono, chikwama chili pamiyendo. Anafunsa ngati jakisoniyu alipo wocheperako mphamvu.